Khadi, Khoti ndi Ndende: Mbiri ya Chipani Chimodzi m'Malawi

Ndale za Amalawi sizinayambe ndi munthu mmodzi. Dzina la Kamuzu Banda lisanamveke, aphunzitsi, makalaliki ndi abusa amene anaphunzira ku Khondowe ndi ku mishoni ya Blantyre anali atayamba kale kusonkhana m'timagulu tawo n'kumakambirana za msonkho, za thangata, za sukulu ndi za minda imene azungu anatenga. Gulu loyamba la mtunduwu linabadwira ku Karonga mu 1912, ndipo ena anatsatira m'maboma osiyanasiyana. Anthuwa ankasankha wapampando ndi mlembi, ankalemba zokambirana zawo m'buku, ankatsutsana momasuka, kenako n'kutumiza madandaulo awo kwa bwanamkubwa ku Zomba. Mu 1944 timaguluti tinaphatikizana n'kukhala Nyasaland African Congress. James Sangala ndiye anavutikira kwambiri kuti zimenezi zitheke, ndipo Levi Mumba anakhala mtsogoleri woyamba. Kongeresi yoyambayo inali yosauka, yokonda mikangano, nthawi zina yogona tulo. Koma inali ndi chinthu chimodzi chimene chinadzasowa pambuyo pake: mtsogoleri ankasankhidwa ndi anzake, ndipo anzakewo akatopa naye ankamutsitsa.

Chimene chinasintha zonse ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene Angerezi anakhazikitsa mu 1953 Aafirika akukana. Amuna ambiri a kuno anali atagwirapo ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi m'migodi ya ku Joni, choncho ankadziwa bwino tanthauzo la kulamulidwa ndi azungu okhazikika. Kumidzi nako anthu anali atakwiya ndi malamulo a malimidwe, amene ankachititsa kuti munthu alipitsidwe kapena amangidwe chifukwa cha mizere ya m'munda mwake momwe. Achinyamata ophunzira monga Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene analowa m'nyumba ya malamulo ya atsamunda mu 1956, anaona kuti mkwiyowu ulipo koma ukusowa wouunjika pamodzi. Iwo anali ana m'maso mwa mafumu ndi akuluakulu. Ankafuna munthu wa imvi, wophunzira kuposa azungu omwe, woti anthu akamuona akhulupirire. Anamupeza mwa dokotala amene anachoka ku Kasungu ali mnyamata, n'kukhala kunja zaka zoposa makumi anayi, ku South Africa, ku America, ku Britain ndi ku Ghana.

Dr. Banda anatera pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 Julayi 1958. Asanafike n'komwe, anyamatawo anali atayendayenda m'dziko kumutamanda ngati mpulumutsi, ndipo Chipembere anadzavomereza yekha pambuyo pake kuti anachita zimenezo mwadala. Mwezi wotsatira, pa msonkhano wa ku Nkhata Bay, nthumwi zinamusankha kukhala mtsogoleri wa Kongeresi, n'kumupatsanso zimene anapempha: mphamvu yosankha yekha akuluakulu onse a chipani. Ine ndimaona kuti mbiri yonse imene ikutsatirayi inayambira pa tsiku limenelo. Amene anapereka mphamvuzo sanali anthu opusa kapena amantha. Anali pa nkhondo ndi Chitaganya, ndipo ankaganiza kuti nkhondo ikatha adzatenganso zimene anabwereketsa.

Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti zinthu zafika poopsa, n'kuletsa Kongeresi. Anthu mazanamazana anamangidwa. Dr. Banda, Chipembere ndi Dunduzu Chisiza anakatsekeredwa ku Gwelo, ku Southern Rhodesia. Pa doko la Nkhata Bay asilikali anawombera khamu la anthu amene anasonkhana kuti aone abale awo omangidwa, ndipo m'dziko lonse anaphedwa anthu oposa 50. Atsogoleri ali m'ndende chomwecho, Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno, anayambitsa Malawi Congress Party kumapeto kwa chaka chomwecho, mothandizidwa ndi mnyamata wina wochokera ku Rhodesia, Aleke Banda. Chipanichi chinafalikira mofulumira kwambiri. Dr. Banda atatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, Orton anamupatsa mpando mosanyinyirika, ndipo chaka chisanathe msonkhano wa ku Nkhotakota unamulonga kukhala mtsogoleri wa chipani moyo wake wonse. Ufulu unali usanabwere, chisankho chinali chisanachitike, koma mawu oti wamuyaya anali atalowa kale m'ndale zathu.

M'masiku amenewo aliyense wosagwirizana ndi Kongeresi ankatchedwa kapirikoni, wogulitsa dziko. Chester Katsonga atayambitsa chipani chake, nyumba yake inatenthedwa. Pa chisankho cha mu Ogasiti 1961 Kongeresi inatenga mipando 22 mwa 28, ndipo palibe angakane kuti anthu anaivotera ndi mtima wonse. Dunduzu Chisiza, mlembi wamkulu wa chipani, anali mmodzi mwa ochepa amene analemba poyera kuti maiko ongolandira kumene ufulu akhoza kugwa m'manja mwa olamulira mwankhanza. Iye anafa pa ngozi ya galimoto pa mlatho wa Thondwe mu Sepitembala 1962, ndipo mpaka lero anthu sanasiye kunong'onezana za imfayo. Pofika chisankho cha mu Epulo 1964 panalibenso wolimba mtima kuima motsutsana ndi tambala wakuda, chizindikiro cha Kongeresi. Mipando yonse 50 ya Aafirika inapita kwa Kongeresi popanda munthu kuponya voti. Malawi analandira ufulu wake pa 6 Julayi 1964 ali ndi nyumba ya malamulo yopanda chipani cha Aafirika chotsutsa boma.

Chikondwererocho sichinathe miyezi iwiri. Nduna zinali ndi madandaulo enieni. Boma linayamba kulipiritsa tiki kwa odwala m'zipatala zake. Malipiro a ogwira ntchito m'boma achikuda anachepetsedwa pomwe maudindo akuluakulu anali akadali m'manja mwa azungu. Dr. Banda ankapalana ubwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique, n'kumakana dzanja la China ya Peking. Koma chowawa koposa chinali chakuti ankatchula nduna zake kuti anyamata ake pamaso pa anthu, n'kumagamula nkhani za maunduna awo osawafunsa. Kumapeto kwa Ogasiti anamuuza zonsezi maso ndi maso. Pa 7 Sepitembala iye anachotsa Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo awo, ndipo Chipembere atabwera kuchokera ku Canada anachita chimodzimodzi. Nyumba ya Malamulo inakumana masiku awiri. Aphungu anaimirira mmodzimmodzi kutamanda Ngwazi ndi kunyoza anthu amene dzulo lake anali akuwaombera m'manja. Ngakhale nduna zochotsedwazo zinalankhula ngati ana odandaulira bambo wawo, osati ngati anthu ofuna kumuchotsa. Zinali zitamukweza pamwamba kwambiri moti zinalibenso pomugwira.

Apa ndi pamene unayambira msamuko woyamba wa ulamulirowu. Chiume, Bwanausi, Chokani, banja la a Chirwa, Rose Chibambo ndi anthu ena ambiri anathawira ku Tanzania ndi ku Zambia, ena wapansi usiku, ena pa bwato. Chipembere anabisala m'mapiri a kwawo ku Malindi, ndipo mu Febuluwale 1965 iye ndi anthu ake analanda boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina la Shire, ndipo ulendowo unathera pomwepo. Iye anadzafera ku America mu 1975. Medson Silombela, amene anapitiriza kumenya nkhondo m'tchire, anapachikidwa ku ndende ya Zomba mu 1966 anthu oitanidwa akuonerera. Yatuta Chisiza analowa m'dziko ndi kagulu ka anthu onyamula mfuti mu 1967 n'kuphedwa cha ku Mwanza. Midzi ya ku Mangochi imene inkaganiziridwa kuti inadyetsa zigawenga inalangidwa yonse, ndipo anthu a m'mudzi wa Moto anatengedwa gulu lonse kupita kundende. Kuyambira nthawi imeneyo, kukhala mbale wa munthu wothawa unali mlandu. Kalata yochokera ku Dar es Salaam kapena ku Lusaka inkatha kumangitsa banja.

Chimene ambiri saganizira n'chakuti zambiri mwa zoipazi zinadutsa m'Nyumba ya Malamulo, n'kusindikizidwa bwinobwino ngati malamulo a dziko. Mu 1965 boma linadzipatsa mphamvu yotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, kwa nthawi iliyonse imene lingafune. Mu 1966 panabwera lamulo lolanda katundu wa aliyense amene nduna yanena kuti akusokoneza dziko, ndipo wolandidwayo analibe khoti lokadandaulako. Chaka chomwecho, pa 6 Julayi, Malawi anakhala dziko la pulezidenti, ndipo malamulo aakulu a dziko ananena mosabisa kuti chipani n'chimodzi basi. Mu 1968 panakhazikitsidwa bungwe loletsa mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Mu 1971 Dr. Banda analumbira kukhala Mtsogoleri Wamuyaya wa dziko. Phungu akachotsedwa m'chipani, mpando wake unkatha tsiku lomwelo. Pa zisankho za 1971 ndi 1976 palibe anaponya voti, chifukwa dzina linkakhala limodzi pa mpando uliwonse. Kuyambira 1978 anthu ankaloledwa kusankha pakati pa mayina angapo, koma onsewo a Kongeresi, ovomerezedwa ndi mwini wake.

Makhoti ndiwo anatsala, ndipo nawonso sanakhalitse. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu ambiri anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Mphekesera zinawanda zoti boma likugulitsa magazi ku South Africa pobweza ngongole. Khoti Lalikulu litamasula anthu amene apolisi anawagwira, chifukwa umboni unali wosakwanira, Dr. Banda anakwiya. Lamulo linasinthidwa kuti milandu ya kupha, ndipo pambuyo pake ya kuukira boma, izizengedwa m'makhoti a mafumu a m'zigawo. Kumeneko woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, sankaitana mboni mmene angafunire, ndipo oweruza ankaikidwa ndi kuchotsedwa ndi pulezidenti. Majaji achizungu a Khoti Lalikulu anatula pansi ntchito. Boma linkati limeneli ndilo bwalo la makolo athu. Koma aliyense amene anakhalapo pa bwalo la kumudzi akudziwa kuti kumeneko munthu amabwera ndi nkhoswe zake zomulankhulira, nkhani imatambasulidwa mpaka mbali zonse zitamveka, ndipo mfumu imamvera nduna zake isanagamule. Makhoti a 1970 anatenga dzina la mwambo n'kusiya mwambowo.

Kwa munthu wamba, ulamulirowu unkaoneka m'kakhadi kakang'ono. Ayufi, ovala malaya ofiira, ankaima pa chipata cha msika, pokwerera basi, nthawi zina ndi pa chipatala pomwe. Wopanda khadi la chipani sankagula, sankagulitsa, sankakwera. Akuluakulu amene anaona masikuwo amasimba za amayi oyembekezera amene ankauzidwa kuti agulirenso khadi mwana wa m'mimba. Apayoniya, a Malawi Young Pioneers, anali ndi misasa yawo m'dziko lonse, mfuti zawo ndi akazitape awo, ndipo lamulo linkawateteza moti wapolisi sankamanga mpayoniya mwachisawawa. Ana asukulu ankaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ngwazi ikamayendera mbewu, sukulu ndi masitolo zinkatsekedwa, midzi inkasonkha mazira, nkhuku, mbuzi ndi ndalama za mphatso, ndipo amayi, mbumba za Kamuzu, ankanyamulidwa pa malole kukavina, kusiya ana ndi minda kwa masiku angapo. Mwamuna woletsa mkazi wake kupita ankadziitanira tsoka. Kuyambira 1973 mkazi sankaloledwa kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo, ndipo posakhalitsa amuna a tsitsi lalitali anayamba kumetedwa mokakamiza. Wailesi inali imodzi, MBC. Nyuzipepala zikuluzikulu, Daily Times ndi Malawi News, zinali za kampani ya pulezidenti. Wailesi ya kanema kunalibe.

A Mboni za Yehova anakana kugula khadi chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ndipo analipira mtengo woopsa. Mpingo wawo unaletsedwa mu 1967. Mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani utagamula kuti achotsedwe pa ntchito ndi m'midzi, nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, amayi anagwiriridwa, ena anaphedwa. Anthu zikwizikwi anawolokera ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique, kumene anakhala zaka zambiri cha ku Milange. Anthu ambiri a mipingo ina anangoyang'ana kumbali, poganiza kuti nkhaniyi ndi ya a Mboni okha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amwenye anachotsedwa m'masitolo a kumidzi n'kuunjikidwa m'mizinda ikuluikulu. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mu 1968, pamene Chichewa chinakwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko, ndipo ife olankhula Chichewa tiyenera kukumbukira kuti ulemu umene chilankhulo chathu chinalandira unabwera pamodzi ndi misozi ya anzathu. M'zaka za m'ma 1970 ophunzira ambiri ochokera kumpoto anadzaza ndende ya Mikuyu, ndipo mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kubwerera ku zigawo za kwawo, zimene zinapasula mabanja ndi kusiya sukulu zambiri za pakati ndi kummwera zopanda aphunzitsi okwanira.

Sitinganame kuti m'zaka zimenezi simunamangidwe kanthu. Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965, njanji yopita ku Nacala inatha mu 1970, likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, misewu inamangidwa, ndipo ogwira ntchito m'boma ankafika pa ntchito nthawi yake. Achikulire ambiri akamakumbukira masikuwo amakumbukira zimenezi, komanso kuti munthu ankayenda usiku osaopa achifwamba. Koma chuma nacho chinkayenda njira imodzimodziyo ya ndale. Mlimi wamng'ono ankagulitsa fodya, thonje ndi mtedza wake ku ADMARC yokha, pa mtengo wotsika, ndipo phindu lake linkakathera ku maesiteti ndi ku kampani ya Press, imene mwini wake anali Dr. Banda. Fodya wa bale, yemwe anali ndi ndalama, ankaloledwa kwa eni maesiteti okha. Nduna, aphungu ndi akuluakulu a chipani ankapatsidwa minda ndi ngongole, ndipo ankadziwa kuti tsiku limene adzalakwire mwini wake, zonsezo zidzapita. Ndalama zomangira Lilongwe zinachokera ku boma la tsankho la South Africa, limene Malawi anatsegulirana nalo ukazembe mu 1967. Maiko a azungu ankadziwa za ndende za Dzeleka ndi Mikuyu, koma pa nthawi imene ankalimbana ndi chikomyunizimu, Dr. Banda anali bwenzi lawo, ndipo thandizo silinasiye kubwera.

Chipani chitatha adani akunja, chinatembenukira ana ake. Albert Muwalo Nqumayo, amene anali ndi mphamvu zoopsa m'chipani ndipo anamangitsa anthu ambiri pamodzi ndi Focus Gwede wa polisi yachinsinsi, anamangidwa mu 1976 n'kupachikidwa chaka chotsatira, ataweruzidwa ndi khoti la mafumu. Aleke Banda anatsekeredwa mu 1980 n'kukhala zaka 12 osazengedwa mlandu. Gwanda Chakuamba, mkulu wa apayoniya, anagamulidwa zaka 22. Ngakhale othawa sanapulumuke. Attati Mpakati anaduka zala ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1979, n'kudzaphedwa ku Harare mu 1983. Mtolankhani Mkwapatira Mhango anatenthedwa m'nyumba ku Lusaka mu 1989 pamodzi ndi a m'banja lake. Orton ndi Vera Chirwa anagwidwa cha kumalire a Zambia pa 24 Disembala 1981. Maloya awiriwa, mmodzi woyambitsa chipani chomwecho ndiponso nduna yoyamba ya zachilungamo, anaimikidwa pamaso pa khoti la mafumu popanda wowaimira, n'kugamulidwa kuti aphedwe. Maiko akunja atachonderera, chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Anakhala m'ndende imodzi ya Zomba zaka zambiri osaonana. Orton anafera momwemo mu Okutobala 1992.

Nkhani ya ku Mwanza ndiyo imaonetsa bwino pamene dziko linafika. Mu Meyi 1983 Dick Matenje, mlembi wamkulu wa chipani, nduna zinzake Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, ndi phungu wa ku Chikwawa David Chiwanga, anagwidwa ndi apolisi ku Zomba Nyumba ya Malamulo itangotseka. Anagonekedwa ku Mikuyu, ndipo usiku wotsatira anatengedwa kupita ku msewu wa Thambani, kumene anakhomedwa mitu mpaka kufa. Mitembo yawo inaikidwa m'galimoto imene inakankhidwira kuphedi. Wailesi inalengeza kuti anachita ngozi akuthawa m'dziko. Mabanja awo anaopsezedwa kuti asalire maliro mmene mwambo umafunira, ndipo anthu ankaopa ngakhale kukapepesa. Kwa Mmalawi, kuletsedwa kulira maliro ndi chinthu chosaneneka. Anthu anayiwa sanali zigawenga. Anali pakatikati pa boma, ndipo chimene chimakumbukiridwa n'chakuti anafunsa mafunso m'Nyumba ya Malamulo za kayendetsedwe ka ndalama, pa nthawi imene nkhani yoti adzalowe m'malo mwa Ngwazi yokalambayo ndani inali itayamba kutentha, dzina la John Tembo, malume a Mama Cecilia Kadzamira, likutchulidwa. Kuchokera apo mpando wa mlembi wamkulu unakhala wopanda mwini weniweni kwa zaka zambiri. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anatengedwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osauzidwa mlandu wake. Machipisa Munthali anakhala m'ndende zaka 27.

Mantha a zaka makumi atatu anayamba kusweka Lamulungu lina m'mawa. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi onse a mpingowo. Inanena za malipiro ochepa, za zipatala ndi sukulu, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndiponso kuti Amalawi akukhala mwamantha m'dziko lawo lomwe. Zinali zinthu zimene aliyense ankadziwa, koma palibe anali atazimvapo zikunenedwa mokweza. Boma linalengeza kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko, ndipo pa msonkhano wa akuluakulu a chipani ena analankhula zoti maepiskopi aphedwe. Koma ophunzira a ku Chancellor College anaguba kuwaikira kumbuyo. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe, n'kuyamba kuwerenga mawu oitanitsa demokalase, ndipo anamangidwa pomwepo. Mu Meyi ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ananyanyala, sitalaka inafalikira, ndipo apolisi anapha anthu pafupifupi 40. Mwezi womwewo maiko othandiza, amene tsopano analibenso chikomyunizimu choopa, anaimitsa thandizo lonse kupatula la chakudya ndi la othawa nkhondo. Chinali chaka cha chilala choopsa, m'dziko muli anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique. Dr. Banda anavomera riferendamu akukhulupirira kuti anthu ake sangamukane. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali ya matipate, kusiya tambala wakuda. Mu Disembala, apayoniya atawombera asilikali ku Mzuzu, gulu lankhondo linaphwasula misasa yawo pa ntchito imene inatchedwa Bwezani, ndipo ambiri anathawira ku Mozambique. Pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi wa UDF anapambana chisankho, ndipo Dr. Banda anavomereza kugonja mavoti asanathe kuwerengedwa. Pa chimenechi tiyenera kumupatsa ulemu wake.

Malamulo atsopano a dziko anabwezeretsa zambiri: ufulu wolankhula, makhoti oima paokha, malire a matemu awiri kwa pulezidenti. Othawa anabwerera, a Mboni anayambanso kusonkhana poyera, nyuzipepala zinachuluka. Koma anthu amene anatenga dziko anali ophunzira a sukulu yomweyo. Muluzi anakhalapo mlembi wamkulu wa Kongeresi. Aleke Banda anali naye ku UDF, Chakuamba anatuluka m'ndende n'kubwerera ku Kongeresi. Zipani zatsopano zinamangidwa mofanana ndi chakale: mwini mmodzi, amayi ovala nsalu ya nkhope yake, anyamata omenya otsutsa. Aphungu anafulumira kuchotsa ndime yopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi isanakwane, ndipo mu 2001 anafafaniza nyumba yachiwiri ya malamulo isanakhaleko n'komwe. Chaka chomwecho anayesa kuchotsa majaji atatu. Mu Julayi 2002 bilu yoti pulezidenti aziima kopanda malire inapeza mavoti 125 pomwe inkafunika 128, ndipo ena mwa oivotera anali anthu amene anavutikira matipate. Mipingo, maloya ndi mabungwe ndiwo anaimitsa zimenezo, anyamata a UDF otchedwa Young Democrats akuwamenya m'misewu.

Bingu wa Mutharika atapambana ndi mavoti ochuluka mu 2009, chipani chake cha DPP chili ndi aphungu oposa theka, zizindikiro zakale zinabweranso mofulumira modabwitsa. Nduna inapatsidwa mphamvu yoletsa nyuzipepala. Mphunzitsi wa ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo koleji inatsekedwa miyezi yambiri. Kazembe wa Britain anathamangitsidwa. Pa zionetsero za 20 Julayi 2011 apolisi anapha anthu pafupifupi 20, ambiri a iwo ku Mzuzu, ndipo mu Sepitembala wophunzira wa ku Polytechnic, Robert Chasowa, anapezeka atafa pa sukulupo. Makhansala, amene nthawi yawo inatha mu 2005, sanasankhidwenso mpaka 2014. Bingu atamwalira mu Epulo 2012, nduna zina zinayesa kutsekereza wachiwiri wake, Joyce Banda, koma asilikali anaima ndi malamulo a dziko. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, chija cha mapepala ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo boma litayesa kutumiza Jaji Wamkulu Andrew Nyirenda ku tchuthi chokakamiza, makhoti anakana. Kongeresi inabwerera m'boma mu Juni 2020 kudzera m'voti, motsogozedwa ndi Lazarus Chakwera, ndipo mu 2025 inatulukamonso kudzera m'voti, Peter Mutharika atapambana. Zipani zonse zimene zalamulapo zadandaula za MBC zili kotsutsa, n'kuigwiritsa ntchito ngati yawo zikalowa m'boma.

Za zaka makumi atatu zija, dziko silinakhalepo pansi kuti limve zonse. Kafukufuku wa Jaji Mtegha anatsimikiza kuti anthu anayi a ku Mwanza anaphedwa ndi apolisi, koma Dr. Banda, John Tembo ndi anzawo atazengedwa mlandu, khoti linawamasula mu Disembala 1995. Mwezi wotsatira Dr. Banda anatulutsa mawu opepesa pa zoipa zimene zinachitika m'dzina lake, osatchula ngakhale chimodzi, ndipo anamwalira ku Johannesburg mu Novembala 1997. Boma la Bingu linamumangira chiliza chachikulu ku Lilongwe, ndipo 14 Meyi ndi tsiku la tchuthi lomukumbukira. Dzeleka inasanduka msasa wa othawa nkhondo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Bwalo lapadera limene malamulo a 1994 anakhazikitsa kuti lipepese ndi ndalama anthu omangidwa, olandidwa katundu ndi othamangitsidwa linapatsidwa zaka khumi zokha. Linatsekedwa anthu zikwizikwi atalembetsa madandaulo awo koma osalandira chipukutamisozi chokwanira, ndipo mu 2017 ofesi ya Ombudsman inauza boma kuti liwalipire ndi kuwapepesa. Ambiri mwa iwo anali okalamba kale pamene ankalembetsa.